Chifukwa chake makapisozi sachiza chitopa

Chitopa chikagwa m'mudzi, oweta nkhuku ambiri amathamangira kusungunula makapisozi (mankhwala olimbana ndi mabakiteriya) m'madzi omwetsa nkhuku zawo, koma ndalama imeneyi imangopita pachabe, ndipo chifukwa chake chagona pa mmene kachilombo koyambitsa matendawa, komwe ndi vayirasi osati bakiteriya, kamachulukira.

M'maselo a nkhuku (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi lake) muli enzaimu (chinthu chofulumizitsa ntchito za m'selo) yotchedwa RNA polymerase, imene imapanga RNA (ulusi wonyamula uthenga m'selo) potsatira zolembedwa mu DNA (ulusi wosunga malangizo a chibadwa), monga mmene woumba njerwa amatsatira chikombole. Mabakiteriya nawonso ali ndi RNA polymerase yotsatira DNA, koma inapangidwa mosiyana ndi ya nyama, n'chifukwa chake rifampicin, mankhwala a TB, amaitseka osakhudza ya munthu amene akumwa mankhwalawo. Vayirasi ya chitopa ilibe DNA n'komwe. Malangizo ake onse ali mu ulusi umodzi wa RNA wa zilembo pafupifupi 15,000, ndipo popeza enzaimu ya nkhuku singathe kukopera ulusi wotero, vayirasiyo imalowa m'selo itanyamula polymerase yakeyake, yomwe chikombole chake ndi RNA. Rifampicin saigwira enzaimu imeneyi. Tetracycline, amene amapezeka m'makapisozi ambiri, amalimbana ndi mbali ya bakiteriya yopanga mapuloteni, mbali imene vayirasi ilibe. Choncho kumwetsa nkhuku mankhwalawa kumangothandiza mabakiteriya kuti ayambe kupima mankhwala.

Chitetezo chenicheni ndi katemera. Katemera wa I-2, amene anapangidwa koyamba ku University of Queensland m'dziko la Australia, ali ndi vayirasi yamoyo koma yofooka, imene imayenera kuchulukana m'thupi mwa nkhuku pogwiritsa ntchito polymerase yake yomweyo kuti thupi liphunzire kudziteteza. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti katemerayu angasiyidwe padzuwa popeza amadziwika kuti ndi wopirira kutentha. Enzaimu ndi puloteni, ndipo ikawonongeka ndi kutentha vayirasiyo sichulukananso, moti madontho a katemera wotere sateteza nkhuku ngakhale imodzi.

Sungani katemerayu m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8, osalola kuti aundane ngati ayisi, ndipo pomunyamula kupita kumudzi mukulunge botolo m'kansalu konyowa. Donthezerani dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ndi anapiye omwe, muli pamthunzi, ndipo mubwereze pakatha miyezi inayi iliyonse. Chitetezo chimakhwima pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, motero musadikire kuti mumve zoti nkhuku zayamba kufa kwa anansi. Nkhuku imene yayamba kale kuwodzera ipatuleni, musaipatse katemera, ndipo mudziwitse mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu.