Musanachepetse pulley ya supercharger, ziziritsani kaye mpweya

Achimwene, ngati Mustang yanu ya 5.0 V8 ili ndi supercharger (chipangizo chopanikizira mpweya mu injini), musathamangire pulley (gudumu la lamba lozungulitsa supercharger) yaing'ono. Boost, mphamvu yokankhira mpweya mu injini, imakwera ndithu, koma mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo kompyuta ya injini ikaona kutenthako imabweza timing (imachedwetsa moto wa ma plug) poopa knock, kuphulika kosalongosoka kwa mafuta mu injini. Mphamvu mwagulayo imathera pomwepo.

Kuno ku Harare tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mpweya ndi wopepuka kale. Onjezanipo dzuwa la Okutobala ndi mdipiti wa galimoto mu msewu wa Samora Machel.

Ine ndimayamba ndi kuyeza. Lumikizani scanner ya OBD2 (kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto), muone IAT, kutentha kwa mpweya wolowa mu injini, galimoto itaima komanso mutaponda mafuta kangapo motsatizana. Ikakwera n'kumachedwa kutsika, vuto lili ku intercooler, chipangizo choziziritsa mpweyawo ndi madzi. Ikani heat exchanger (yoziziritsa madzi a intercooler) yokulirapo kutsogolo kwa radiator ndi pampu yamphamvu, kenako chotsani mpweya wonse m'mapaipi a madziwo. Apa ambiri amachita ulesi. Tsegulani chivindikiro cha thanki ya madzi a intercooler injini itazizira, muyatse pampu: madzi azioneka akuzungulira, osati kungochita thovu. Fyuluta nayo ikhale m'bokosi lotseka, isamakoke mpweya wotentha wa mu boneti.

Mukatero ganizirani mafuta. Petulo wa blend wa kuno ali ndi ethanol, choncho injini imamwa wochulukirapo. Onani ngati ma injector ndi fuel pump akukwanitsa. Pulley ibwere pomalizira, limodzi ndi tune ya pa dyno (kusintha kompyuta ya injini pa makina oyezera mphamvu). Zokayesa liwiro zichitikire ku bwalo la mipikisano ya galimoto la Donnybrook, osati mu Borrowdale Road.