Kutengera ana a sukulu ku Zomba kukaona nyumba za Abwanamkubwa

Ndaphunzitsa mbiri ya dziko lathu kuno ku Mulanje zaka zambiri, ndipo mayina a atsamunda ana amangowaloweza ngati nyimbo: Johnston, Sharpe, Armitage, Jones. Tsiku limene ndinawaimika pakhomo pomwe azunguwa ankagona, mafunso anachita kusefukira, ngakhale kwa ana aja osatsegula pakamwa m'kalasi. Aphunzitsi anzanga, ulendowu ngotheka pa tsiku limodzi.

Yambani ndi ahedi ndi komiti ya makolo, kudakali mwezi wathunthu. Minibasi ya hayala mugwirizane mtengo wopita ndi wobwerera, mulemberane. Ine ulendo woyamba ndinangokhulupirira pakamwa, dalaivala n'kukasintha mawu tili ku Zomba. Ana atenge majuzi, kumeneko kumazizira ngati kwathu kuno nthawi ya chiperoni.

Musadzere ku Limbe. Tengani msewu wochokera pa Chitakale kudzera ku Phalombe ndi Jali. Chifukwa chake n'chakuti phunziro limayambira panjira. Mukamafika ku Phalombe, aonetseni mpata wa pakati pa phiri la Mchese ndi phiri lalikulu. M'menemo ndi momwe munali Fort Lister, linga lomwe anamanga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo opita kunyanja yamchere. Lamulo lomanga linga limenelo linachokera kunyumba yomwe mukupitayo.

Mukafika, yambirani ku Masongola, m'munsi mwa phiri la Zomba. Nyumbayi anamanga ndi John Buchanan mu 1886, ndipo Harry Johnston atabwera mu 1891 anakhazikika momwemo n'kumalamulira dziko lonse ali pakhonde pake. Dzinalo linabwera chifukwa cha nsanja zake ziwiri zosongoka. Pambuyo pake inasanduka hotela, choncho imbani foni kapena tumizani kalata musanapite. Si bwino kungotulukira ndi ana makumi atatu pamalo a bizinesi.

Apa ndi pomwe ndimachedwa dala. Ndimawauza ana kuti agwire khoma, aone kukhuthala kwake, kenako ndimafunsa: njerwazi anaumba ndani? Anapondaponda dothi ndani? Nanga ndalama zoyendetsera boma zinkachoka kuti, ngati si msonkho wa nyumba womwe agogo athu ankalipira? Kenako ndimatulutsa kachidutswa ka mkungudza kamene ndimayenda nako m'chikwama, n'kukapereka kuti aliyense anunkhize. Mtengo umenewu ndi wa phiri lathu la Mulanje. Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito ndi Johnston, anauona atakwera phirili mu 1891, n'chifukwa chake asayansi amautcha Widdringtonia whytei. Matabwa ake ankachekera pamwamba paphiri, anthu n'kutsika nawo pamutu, ena n'kukathera m'nyumba za boma ku Zomba, poti chiswe sichiwadya. Mwana wa ku Likhubula akamva zimenezi nyumba ija amayamba kuiona ndi maso ena. Zimandipweteka kuti lero mkungudzawo watsala pang'ono kutheratu.

Kamba kadyereni m'munda wa maluwa ndi mitengo womwe uli pafupi pomwepo, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Nawonso anauyambitsa ndi Whyte yemweyo. Pakhomo pamakhala kandalama kolowera, mukonzeretu. Mbatata yophika, nthochi ndi thobwa zimakwana, koma mapepala musasiye pansi.

Kenako pitani ku State House. Iyi ndiyo inali Government House, yomangidwa m'nthawi ya Alfred Sharpe itachepa ya Masongola. Mu 1907 dziko litatchedwa Nyasaland, Sharpe ndiye anakhala Bwanamkubwa woyamba. Robert Armitage ankakhala m'menemo pomwe analengeza lamulo la nthawi yachisokonezo pa 3 Malichi 1959, tsiku lomwe timakumbukira anthu ofera dziko. Womaliza anali Glyn Jones, amene anakhalabe monga woimira Mfumukazi titalandira ufulu pa 6 Julayi 1964 mpaka 1966. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma nyumbayi idakali imodzi mwa nyumba za Pulezidenti.

Ndiye chonde, apa khalani tcheru. Simulowa, ndipo pamakhala achitetezo. Mafoni onse alowe m'zikwama musanayandikire, pasapezeke wojambula. Fotokozerani ana muli chapatali, minibasi isaime pageti. Nthawi ikalola, dutsani panyumba yakale ya malamulo, pomwe aphungu ankakumana mpaka 1994.

Nyamukani isanakwane 3 koloko kuti ana akutali akafike kwawo kudakali kowala. M'minibasi momwemo apatseni ntchito: aliyense akafunse agogo ake zomwe anamva za thangata m'minda ya tiyi, za msonkho, kapena za mtengatenga. Chaka chatha mtsikana wina anabwera Lolemba ndi masamba awiri odzaza. Agogo ake anamuuza kuti bambo awo ankasenza matabwa kutsika nawo kuchokera ku Chambe, pamwamba pa phiri la Mulanje, ndipo pamutu pawo panali chipsera pomwe tsitsi silinamerenso mpaka imfa yawo.