Momwe mungapezere mtunda woyenera pakati pa reducer ndi kamera pojambula nyenyezi

Nyenyezi za pakati pa chithunzi zaoneka bwinobwino, timadontho tozungulira, koma za m'makona zatalika ngati njere za mpunga. Musafulumire kuida telesikopu yanu. Kawirikawiri vuto limakhala mtunda wochokera pa reducer kukafika pa sensa ya kamera. Reducer ndi galasi lomangidwa pakati pa telesikopu ndi kamera, ndipo sensa ndi kachipangizo ka m'kamera kolandira kuwala. Reducer imathandiza kuti chigawo chachikulu cha thambo chilowe m'chithunzi ndiponso kuti kuwala kusonkhane msanga, koma imagwira bwino ntchito pokhapokha sensa itakhala pa mtunda umene opanga anaika.

Yambani ndi kupeza nambala imeneyi m'kabuku ka reducer yanu. Ma reducer ambiri a refractor (telesikopu yokhala ndi galasi loonekera kutsogolo) amafuna mamilimita 55. Nambalayi inachokera ku makamera a DSLR, aja osinthika magalasi: pa Canon EF sensa ili mamilimita 44 kuchokera pakamwa pa kamera, T-ring, mphete yolumikizira kamera ku reducer, n'kuwonjezerapo 11. Pa Nikon F ndi 46.5 ndi 8.5. N'chifukwa chake wa DSLR nthawi zambiri amangomanga n'kuyamba kujambula. Koma 55 si ya onse ayi. Reducer ya Celestron ya f/6.3 imafuna pafupifupi 105, pamene ya telesikopu ya EdgeHD 11 imafuna 146. Muonetsetsenso pamene muyeso ukuyambira, poti ambiri amayambira pa phewa lachitsulo pamene pamagunda cholumikizira chikamangidwa, osati pa galasi.

Kenako werengerani chilichonse chili pakatipo. M'makamera ambiri oziziritsa sensa a kampani ya ZWO, sensa ili mamilimita 17.5 kuchokera pakamwa pa kamera, ndipo amabwera ndi zolumikizira ziwiri, cha 21 ndi cha 16.5. Zonse pamodzi zikukwana 55. Mukafuna kuika chotengera fyuluta cha 21, chotsani cholumikizira cha 21, china chilowe m'malo mwa chinzake. Ngati muli ndi caliper, chipangizo choyezera kuchindikala kwa zinthu, yezani nokha, musangokhulupirira zolembedwa pa bokosi.

Fyuluta nayo imasintha zinthu. Galasi lake limakankhira fokasi kumbuyo, choncho onjezani gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwake. Ya mamilimita 3 ifuna 1, ya mamilimita 2 ifuna pafupifupi 0.7.

Masamu amangokufikitsani pafupi. Zogamula mlandu ndi nyenyezi zenizenizo, ndipo apa ndi pofunika kufatsa. Lozani telesikopu pamene pali nyenyezi zothithikana. Kwathu kuno mu June ndi July Mlalang'amba umadutsa pamutu penipeni cha ku gulu la nyenyezi la Sagittarius, mitambo ili yochepa ndipo utsi wa moto wa m'tchire usanachuluke. Konzani fokasi pa nyenyezi ya pakati, jambulani kwa masekondi 5 kapena 10 okha kuti kuyenda kwa mount, chonyamulira telesikopu chotsatira nyenyezi, kusakusokonezeni, kenako kuzani makona onse anayi pa kompyuta.

Ngati nyenyezi za m'makona zatalika moloza pakati pa chithunzi, kamera yayandikira kwambiri, ndiye onjezani mtunda. Ngati zatalika mopingasa, zikuoneka ngati zikuzungulira pakatipo, kamera yatalikira, chepetsani. Sinthani ndi milimita imodzi poyamba, mukayandikira muzisintha ndi 0.5 kapena 0.2 pogwiritsa ntchito timphete topyapyala ta pulasitiki tolowetsa pakati pa zolumikizira. Nthawi iliyonse mukasintha, konzaninso fokasi musanajambule, apo ayi chithunzicho chikunamizani. Muzilembanso nambala iliyonse pa pepala.

Telesikopu ya f/4 kapena f/5 (nambala ya f yaing'ono imasonkhanitsa kuwala msanga) yokhala ndi sensa yaikulu imaonetsa kuphonya kwa ngakhale theka la milimita, pamene ya f/7 yokhala ndi sensa yaing'ono siivuta kwambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene timphete sitingakonze. Kona imodzi ikakhala yabwino koma inzake yoyang'anana nayo ili yoipa, kamera yapendekeka. Onani ngati zolumikizira zamangika mokwanira komanso ngati focuser, chokonzera fokasi, sikugwera pansi chifukwa cholemedwa. Mapulogalamu aulere monga ASTAP ndi N.I.N.A. amayeza kukula kwa nyenyezi m'makona ndipo akuonetsani mbali imene yapendekeka.