Momwe mungatsatire chibaluni chokwera makilomita 30

Chibaluni chopopedwa helium chimakwera makilomita pafupifupi 30, n'kuphulika, kenako kabokosi ka zipangizo kamatsika ndi parachuti komwe mphepo yafuna. Ngati kabokosiko sikakuuzani komwe kali, kamera yanu yapita.

Choyamba sankhani wailesi yoika m'kabokosimo, yoti izikutumizirani komwe kali. Ine ndimakonda LoRa ya 434 MHz: ndi yotchipa, simadya batire, ndipo ngakhale pa mphamvu ya 10 mW imamveka makilomita mazanamazana, poti kumwambako kulibe phiri lotchinga. Eriyo yake ndi kawaya ka masentimita pafupifupi 17 koloza pansi, ndi tiwaya tinayi tam'mbali. Wailesi yolandirira, yomwe mumakhala nayo pansi, muilumikize ku SondeHub, webusaiti yotsatira zibaluni, chibalunicho muzichiona pamapu. Njira ina yotumizira malo pa wailesi ndi APRS, yomwe imaonekera pa webusaiti ya aprs.fi, koma imafuna laisensi ya amateur radio (mawailesi olankhulirana a anthu wamba), komanso mayiko ena salola kuiyatsa mumlengalenga. Funsani kaye malamulo a kwanuko.

Tsopano GPS, ndipo apa musathamange. Ma GPS ambiri amasiya kugwira ntchito akafika pamwamba kwambiri. Ena amatseka pa mamita 18,000 chifukwa cha malamulo akale oletsa kuti asagwiritsidwe ntchito pa mizinga. Ma GPS a kampani ya u-blox amafika makilomita 50, koma pokhapokha mutawaika pa airborne mode, kagwiridwe ntchito ka mumlengalenga; mukawasiya momwe anabwerera, amalekera pa makilomita 12. Lamulo louza GPS kuti isinthire ku airborne mode lizitumizidwa nthawi iliyonse GPS ikayaka, ndipo pulogalamu yanu ya m'kabokosimo iziwerenga yankho kuti itsimikize kuti zatheka.

GPS yanga ina ndinaigula kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, mtengo wake wogwetsa mtima pansi. Pabwalo inkagwira bwinobwino. Itakwera, wailesi inkangobwereza malo amodzimodzi kwa maola awiri, kadontho kali chiimire pamapu, ife tili m'galimoto osadziwa kolowera. Titaipeza ndinamatula kapepala kapamwamba: dzina linali lenileni, zam'kati zachinyengo, ndiye lamulo lija sinkalimva n'komwe. GPS yotchipa mokayikitsa isiyeni. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka, ndalama yoonjezerayo siyingafane ndi ya kamera.

Musadalire njira imodzi. Kabokosi kakatera, wailesi imabisika kuseri kwa mitengo ndi zitunda, choncho ikanimo kachipangizo ka setilaiti. Ya mtundu wa SPOT ndi yosavuta, koma imafuna kuyang'ana kumwamba. Ikatera chafufumimba imakhala duu. Ina yotchedwa RockBLOCK, ya netiweki ya masetilaiti a Iridium, imatumiza muli mlengalenga momwemo, kungoti mumalipira uthenga uliwonse. Kachipangizo ka SIM khadi kamathandiza pansi pokha, ndiponso ngati pamalopo pali netiweki.

Zotsalazi n'zodziwika. Kumwamba kumazizira kupitirira madigiri 50 pansi pa ziro, ndiye mabatire akhale a lithium, kabokosi ka styrofoam. Onani pa predictor ya SondeHub, tsamba lolosera komwe chibaluni chikagwere, tengani chilolezo kwa oyang'anira za ndege, lembani nambala yanu ya foni pakabokosi. Musachisiye chibaluni m'manja mpaka malo ake ataoneka pamapu.