Musanatumize galimoto ku Blantyre: yamagetsi, ya hybrid kapena yapetulo?

Inu amene mukukhala ku Leeds kapena ku Dublin mwazolowera kuona magalimoto amagetsi akutchajidwa m'mphepete mwa msewu, ndipo mukafuna kugulira banja lanu galimoto kuno ku Blantyre, n'zosavuta kuganiza kuti imene ikuyenda bwino kumeneko idzayendanso bwino ku Chilomoni. Musanayang'ane mtengo, dziwani kaye kumene galimotoyo izigona usiku, amene aziiyendetsa, komanso ngati izingozungulira m'tauni kapena izipitanso kumudzi.

Galimoto yamagetsi imakopa aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta mu 2022 kapena mu 2024, pamene kusowa kwa ndalama zakunja kunaumitsa malo omwetsera. Komatu magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Nissan Leaf yoyambirira, yomwe batire yake ndi ya 24 kWh, imafuna usiku wonse kuti idzaze pa soketi yapanyumba, choncho magetsi akathima pakati pa usiku, m'mawa ana apita kusukulu pa minibasi. Batire yake imafookanso msanga kumalo otentha, ndipo ngakhale ili yatsopano sinkakwanitsa mtunda wa makilomita opitirira 300 wochokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe osatchajanso. Ndingailangize kwa banja lokhalo lomwe lili m'nyumba yakeyake ya mumpanda, lili ndi mita yakeyake, mwinanso sola yamphamvu, ndipo lili kale ndi galimoto ina ya maulendo ataliatali. Amene ali pa lendi, n'kumasonkherana mayunitsi ndi anansi, mukawabweretsera mkangano wosatha.

Kwa mabanja ambiri a mumzinda uno, ine ndingasankhe hybrid, galimoto yoyendera petulo komanso batire, monga Toyota Aqua kapena Honda Fit ya hybrid. Sifuna kulumikizidwa kukhoma, chifukwa batire yake imadzazidwa ndi injini komanso nthawi iliyonse imene woyendetsa akuponda mabuleki. Ndiye taganizirani mzere wa madzulo pamsewu wa Masauko Chipembere, kuchokera ku Ginnery Corner kulowera ku Limbe: galimoto yapetulo imakhala ikumwa mafuta ili chiimire, pamene hybrid imazimitsa injini n'kumasuntha pang'onopang'ono ndi batire. Zitunda za mumzinda uno zimaithandizanso, popeza potsetsereka imabweza gawo la mphamvu imene inagwiritsa ntchito pokwera.

Ili ndi zofuna zake, ndipo ogulitsa satchula kawirikawiri. Batire yaikulu ya Aqua ili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo imaziziritsidwa ndi kafani kamene kamakoka mpweya wa m'galimoto momwemo. Ndinaonapo makaniko akutsegula kafani kotere pa galimoto ya msuweni wanga: kanali katamatirira fumbi lofiira la m'chilimwe, tsitsi, ngakhale mankhusu a chimanga, pamene mwini wake ankaganiza kuti batire yafa ndipo anali atayamba kale kupempha ndalama kwa mchemwali wake wa ku Cape Town. Uzani a kunyumba kuti kafaniko kazitsukidwa, ndiponso asamatseke malo olowera mpweya ndi katundu. Hybrid siyeneranso kuikidwa pansi pa lona miyezi yambiri podikira kuti mudzabwere patchuthi cha Khirisimasi, chifukwa batire yosagwira ntchito imafooka. Ndipo musanalipire, pemphani m'bale wanu kuti apeze kaye makaniko amene ali ndi makina oyezera batire za hybrid.

Ngati galimotoyo izinyamula matumba a chimanga kuchokera ku Thyolo kapena ku Phalombe m'nyengo ya mvula, gulani yapetulo yokwera bwino, chifukwa Aqua ndi yotsika kwambiri moti imakhula pansi pamsewu wa maenje. Yapetulo imadya mafuta ambiri, koma amakaniko a ku Ndirande amaidziwa ngati nsima, ndipo zipangizo zake sizisowa ku Limbe.

Msonkho umene bungwe la MRA limalipiritsa umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini yake, ndipo malamulo ake amasintha ndi bajeti ya boma, choncho funsani chiwerengero chenicheni galimoto isananyamuke ku Japan, osati itafika kale padoko la Dar es Salaam. Onjezerani pamenepo ndalama zoitengera kudzera pa Songwe kudzafika ku Blantyre. Inu a ku America ndi ku Germany, kumbukiraninso kuti kuno timayenda kumanzere kwa msewu, kotero galimoto ya chiwongolero chakumanzere imene mukuyendetsa kumeneko ndi bwino muigulitse konko, ndalamazo mugulire ina ya chiwongolero chakumanja.