Kayendetsedwe ka gulu la WhatsApp la bungwe laling'ono kuti mamembala asamangokhala chete

Kalabu ya alimi, banki mkhonde, komiti ya makolo pasukulu, bungwe la amene anaphunzira sukulu imodzi, ngakhale anthu a kumudzi kumodzi amene ali ku Johannesburg ndipo amathandizana pamaliro, pafupifupi onsewa amayamba mofanana: amatsegula gulu limodzi la WhatsApp n'kuponyamo aliyense. Mwezi woyamba limatentha. Pofika mwezi wachitatu, uthenga woitanira msonkhano umakwiririka ndi mavesi a m'mawa, malonda a zitenje ndi mikangano ya mpira, ndipo anthu ambiri amakhala ataliika pa mute. Mlembi amadandaula kuti anthu sakuyankha, chonsecho uthengawo sanauone n'komwe.

Choncho ntchito yoyamba ndi kulekanitsa zilengezo ndi macheza.

Magulu awiri, ma admin atatu

Tsegulani gulu la zilengezo zokhazokha. Dinani dzina la gulu pamwamba, lowani pa Group permissions, ndipo muzimitse pamene pamalola aliyense kutumiza mauthenga, kuti olemba akhale ma admin okha. Pomwepo zimitsaninso chilolezo chosintha dzina ndi chithunzi cha gulu, kenaka muyatse Approve new members kuti munthu asalowe popanda kuvomerezedwa. Gulu lachiwiri likhale la macheza, ndipo wosafuna asakakamizidwe kulowamo.

Ma admin akhale atatu: wapampando, mlembi ndi msungichuma. Admin akakhala mmodzi yekha, foni yake ikabedwa kapena akakwiya n'kungosiya, bungwe lonse limasowa pogwira. Pali chinanso chimene ambiri amachidziwa mochedwa: munthu amene anatsegula gulu sangachotsedwe ndi ma admin anzake. N'chifukwa chake ndi bwino kutsegula gululo ndi nambala imene bungwe lagwirizana kuti ndi yake. Popeza SIM ku Malawi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika cha munthu, lembani m'maminitsi kuti nambalayo yalembetsedwa m'dzina la ndani ndipo kuti ndi katundu wa bungwe.

Musamangoponya munthu m'gulu musanamufunse. Aliyense wolowa amaona nambala za anzake onse, ndipo amayi ambiri amatuluka m'magulu chifukwa chovutitsidwa ndi anthu amene anatola nambala zawo mmenemo. Tumizani link kwa munthu payekha, ndipo ikafalikira kwa anthu osayenera pitani pa Reset link kuti yakaleyo ife.

Uthenga umene anthu amayankha

Chilengezo chabwino chimanena zinthu zisanu: nkhani yake, tsiku ndi nthawi, malo, zoyenera kubweretsa, komanso chimene membala achite akawerenga. Chachisanuchi ndi chimene chimaiwalika kawirikawiri. Uthenga wongoti "Kuli msonkhano Loweruka, tiyeni tibwere tonse" sufunsa munthu kanthu, ndiye palibe woyankha. Lembani motere: "Msonkhano wa mwezi uno: Loweruka pa 14, 2 koloko masana, m'kalasi ya Sitandade 8. Bweretsani kabuku kanu ka masheya. Votani pansipa ngati mubwera, lisanathe Lachinayi." Tchulani dzina la tsiku ndi deti lomwe, chifukwa mawu oti "mawa" amasokoneza munthu amene wagula bandulo patapita masiku awiri.

Lembani mawu enieni, musadalire chithunzi chokongoletsedwa. Anthu ambiri anazimitsa kulowa kwa zithunzi pofuna kusunga data, ndipo kumene netiweki ndi yofooka chithunzi chimangozungulira osatseguka, pamene mawu amafika. Kwa amene amavutika kuwerenga, onjezerani uthenga wa mawu wosapitirira mphindi imodzi wonena zomwezo. Wa mphindi zisanu ndi ziwiri woyamba ndi malonje aatali palibe amaumaliza.

Zilengezo ziwiri kapena zitatu pa sabata n'zokwanira. Tumizani madzulo anthu ataweruka; nthawi ya dzinja alimi amakhala kumunda m'mawa wonse, foni ili kotchajitsa. Msonkhano ulengezeni kutatsala sabata, mukumbutsenso kutatsala tsiku limodzi, basi. Uthenga wofunika uikeni pa Pin kuti ukhale pamwamba. Mumasankha maola 24, masiku 7 kapena masiku 30.

Kavoti ka WhatsApp, kamene kamapezeka pa Poll mukadina chizindikiro chotumizira zinthu, ndi kamene kamadzutsa anthu amanyazi, chifukwa munthu amangodina osalemba kanthu. Kumbukirani kuzimitsa Allow multiple answers ngati mukufuna yankho limodzi, apo ayi ena adzavotera masiku onse atatu amene mwapereka. Dziwaninso kuti aliyense amaona amene wavotera chiyani, choncho kavotika n'kabwino posankha tsiku la msonkhano kapena mtundu wa yunifolomu, koma osati posankha atsogoleri. Chisankho chotero chimafuna chinsinsi, ndipo chichitike monga mmene malamulo a bungwe amanenera.

Mukatumiza, dinani uthengawo kwa kanthawi n'kusankha Info. Mudzaona amene awerenga, amene walowa koma sanautsegule, ndi amene sunawafike. Amene sunawafikewo aimbireni foni.

Ndalama

Apa ndi pamene mabungwe ambiri amasweka, ndipo ndi pomwenso gulu la WhatsApp lingathandize kwambiri. Anthu amasonkha mosanyinyirika akamaona kumene ndalama yawo yapita.

Khalani ndi nambala imodzi ya Airtel Money ndi imodzi ya TNM Mpamba, ndipo muziike pa Pin pamodzi ndi dzina limene limaoneka munthu akamatumiza, kuti wotumiza aziyamba watsimikiza dzinalo asanaike nambala yake yachinsinsi. Gwirizanani pamsonkhano kuti nambala yolandirira ndalama sisinthidwa ndi uthenga wa pafoni, ngakhale uchokere kwa wapampando. Chifukwa chake n'chakuti akuba amalanda WhatsApp ya munthu mosavuta: amaimba kapena kulemba monamizira kuti pali msonkhano wa pa intaneti kapena mwayi wa thandizo, n'kupempha manambala 6 amene angofika pa SMS. Manambalawo ndi kiyi ya akaunti. Munthu akawapereka, wakubayo amalowa m'gulu ndi dzina ndi chithunzi chake n'kuyamba kupempha ndalama ya matenda kapena maliro. Admin aliyense alowe pa Settings, kenaka Account, n'kuyatsa Two-step verification, imene ndi nambala yachinsinsi yowonjezera yotetezera akaunti, ndipo achite izi pamaso pa anzake pamsonkhano, chifukwa akangoti akachita kunyumba ambiri sachita.

Screenshot ya kutumiza ndalama si umboni wokwanira, imapangidwa yabodza mosavuta. Msungichuma azilemba m'buku pokhapokha uthenga wafika pafoni yake ndipo balansi yakwera, n'kulembanso nambala ya transaction. Nkhani ya ndalama yodulidwa potapa kwa ejenti ikambidwe poyambirira: kodi wotumiza awonjezere pamwamba, kapena bungwe ndilo lizilipira? Ikasiyidwa, pakutha pa chaka buku ndi foni sizigwirizana, ndipo msungichuma wosalakwa amatchedwa wakuba.

Pa tsiku lokhazikika mwezi uliwonse, msungichuma alembe m'gulu mizere inayi: zimene zinalipo, zolowa, zotuluka ndi ntchito yake, zotsala. Pa chopereka cha maliro kapena matenda, nenani tsiku lotsegulira ndi lotsekera, ndipo mukatseka lengezani zonse pamodzi ndi amene wakapereka kubanjako. Ochokera kunja akatumiza kudzera ku Mukuru kapena njira zina, lembani makwacha amene alandiridwa, osati marandi amene atumizidwa. Mayina a amene apereka mukhoza kuwalemba powathokoza, koma amene ali ndi ngongole alankhuleni kumbali. Munthu wochititsidwa manyazi pagulu kawirikawiri sabweza msanga, amangotuluka.

Amene alibe foni ya intaneti

M'mabungwe a kumudzi, ndipo ngakhale m'tauni, mamembala ena ali ndi foni ya mabatani, ena foni ndi ya amuna awo, ena amagula bandulo kamodzi pa sabata. Mukalola kuti nkhani zizigamulidwa pa WhatsApp, anthu amenewa amasanduka alendo m'bungwe lawo lomwe. Lembani mayina awo, ndipo aliyense mum'patse mnzake woyandikana naye amene azimuuza chilengezo tsiku lomwelo. Uthenga wa msonkhano utumizidwenso pa SMS, ndipo kulengeza kutchalitchi, kumzikiti kapena kudzera kwa amfumu kusasiyidwe. Zokambirana za pafoni zikhale zokonzekera chabe. Chigamulo chichitike pamsonkhano wokwanira chiwerengero.

Broadcast list imathandiza potumiza uthenga kwa anthu ofika 256 aliyense payekha, koma imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Ambiri amadabwa kuti uthenga sunafike chifukwa chosadziwa zimenezi.

Facebook ili ndi ntchito ina: ndi ya anthu akunja kwa bungwe, monga ofuna kulowa ndi ofuna kuthandiza. Tsegulani Page, osati akaunti ya munthu yotchedwa dzina la bungwe, ndipo anthu awiri akhale ndi mphamvu zonse pa Page imeneyo. Nkhani imodzi pa sabata yoonetsa ntchito yeniyeni, monga mjigo wokonzedwa kapena madesiki ogulidwa, n'njokwanira. Musaike nkhope za ana, odwala kapena olandira thandizo popanda chilolezo chawo kapena cha makolo awo; umphawi wa munthu si chinthu choitanira ma like.

Mkangano ukabuka m'gulu la macheza, admin akhoza kufufuta uthenga wonyoza kuti uchoke kwa onse, koma achite msanga, kenaka aimbire wolembayo payekha. Malamulo a gulu, atatu kapena anayi okha, alembedwe pa Group description kuti pasakhale wonena kuti sankadziwa. Ndi bwinonso kukumbutsana kuti lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuzunza ndi kunyoza munthu kudzera pafoni ndi pa intaneti.

M'gulu la zilengezo musayatse Disappearing messages, chifukwa malipoti a ndalama adzafufutika okha. Ngakhale zili choncho, musatenge WhatsApp ngati mosungira zikalata: foni zimagwera m'madzi, zimabedwa. Maminitsi ndi ndalama zilembedwe m'buku lachikuto cholimba. Komiti ikasintha, tsiku lomwelo lopereka mabuku, atsogoleri atsopano apatsidwe u-admin, akale achotsedwe paudindowo, SIM ya bungwe iperekedwe, ndipo nambala zachinsinsi za Mpamba, Airtel Money ndi Two-step verification zisinthidwe anthu asanabalalike.