Mukafuna kukaona Khulubvi, kachisi wa Mbona ku Nsanje

Ulendo wa ku Khulubvi umayambira kwa mfumu, osati pa nkhalango. Khulubvi ndi nkhalango yopatulika ya Mbona, wovina mvula wakalekale amene Amang'anja amamulemekeza ngati mzimu wobweretsa mvula. Malowa ali chakummwera kwa boma la Nsanje, ndipo ali ndi eni ake: mafumu a Chimang'anja monga Ngabu ndi Malemia, ndi akuluakulu osunga kachisi. Tumizani mawu pasadakhale, masiku angapo musananyamuke, kudzera kwa mfumu kapena ku ofesi ya DC. Nenani kuti mulipo angati, mukubwera tsiku liti, komanso ngati ndinu ana asukulu, ofufuza kapena ongofuna kuona. Funsiranitu pomwepo za kangachepe kopereka kwa akuluakulu, kuti musakayambe kukambirana za ndalama muli pakhomo. Ongotulukira amabwezedwa, ndipo sikuti eni ake ndi ouma mtima. Munthu wokulowetsani ayenera kupezeka, ndipo nayenso ali ndi munda wake.

Ochokera ku Blantyre atsike ndi msewu wa M1, kudutsa Thabwa, kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako Nchalo, Bangula mpaka Nsanje. Apa ambiri amasokera: Ngabu imene mumadutsa musanafike ku Bangula ndi ya ku Chikwawa. Mfumu Ngabu ya ku Khulubvi ndi ina, ya m'boma la Nsanje. Kondakitala mukamuuza kuti "kwa Ngabu" akakutsitsani kutali kwambiri. Nenani kuti Nsanje boma, kuchoka apo mukwere kabaza.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, pamene Januwale mpaka Malichi madzi osefukira amadula misewu, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Nyamukani mmamawa, aliyense ndi malita awiri a madzi akumwa.

Zovala ndiye nkhani yaikulu. Kwa Mbona kumalowedwa ndi nsalu yakuda, biriwita, chifukwa kuda ndi mtundu wa mitambo ya mvula. Gulani mamita awiri pa munthu aliyense musanafike, musadalire kuti mukabwereka komweko. Nsapato zimatsala kunja, chipewanso chimodzimodzi. Ichi n'chifukwa china chofikira mmawa, popeza mchenga wa kuchigwa kuno ukapsa ndi dzuwa la masana munthu wosazolowera sayendapo wopanda nsapato. Zofiira ndi zonyezimira zisiyeni kunyumba. Foni ikhale m'thumba mpaka mutapempha, ndipo akakana kujambula musabe chithunzi, pakuti gulu lobwera pambuyo panu ndi limene lidzavutike nazo.

Mukalowa, tsatirani wokutsogolerani, osadumpha njira. Akakhala pansi khalani, akaomba m'manja ombani. Musathyole nthambi, musatole nkhuni ngakhale youma yogwa yokha, musaphe kanthu kalikonse koyenda, makamaka njoka, chifukwa eni ake amati Mbona amabwera ngati nsato. Lamulo limeneli ndi limene lasunga mitengo. Yang'anani m'mphepete mwa nkhalango: mbali iyi minda ndi zitsa, mbali iyo mitengo italiitali yolukana ndi zingwe zakuthengo, mthunzi wake wozizira.

Musayembekezere makoma a njerwa. Mukaona timanyumba tozungulira ta mitengo ndi udzu: ya Mbona, ndi ya mkazi wake wotchedwa Salima. Salima si dzina la munthu mmodzi koma udindo wa mayi wopatulidwa kukhala pamalopo. Nyumbazi zikatha zimamangidwanso, mafumu atamema anthu. Alendo ena amakhumudwa poona udzu wooneka watsopano pamalo amene anamva kuti ndi akalekale. Ukale wa Khulubvi uli m'malo ndi m'mwambo wa kamangidwe, osati m'mitengo ya denga.

Mbiri ya Mbona imafotokozedwa mosiyanasiyana. Ena amati anathawa malume ake Mlauli atakangana pa za kuvina mvula, ena amati mdani wake anali mfumu yaikulu Lundu. Zimagwirizana pakuti anaphedwa cha ku dambo la Ndindi, magazi ake n'kusanduka dziwe la Ndione, mutu wake n'kuikidwa ku Khulubvi. Musatsutse mkulu amene akufotokoza chifukwa choti buku la kusukulu linanena zina. Lembani zimene wanena, mufunsenso wina.

Chofunika kufunsa kwambiri ndi ntchito zimene malowa agwira. Poyamba panali popempherera mvula ndi pothirira nsembe ya mowa kukagwa chilala, dzombe kapena mliri, ndipo anthu ankatumiza zopereka kuchokera kutali, ngakhale kutsidya kwa Mozambique. Panalinso pa ulamuliro, chifukwa mfumu yosamalira kachisi inkalemekezeka nazo. Nthawi ya atsamunda, Nsanje ikutchedwa Port Herald, mawu a Mbona odzera mwa munthu wogwidwa ndi mzimu anasanduka mawu a alimi. Njala ya 1949 itadutsa, boma linakakamiza anthu kulima mizere, ndipo kuchigwa kuno kunabuka imene akuluakulu amaitcha nkhondo ya mitumbira. Anthu ankati kulima koteroko n'kosemphana ndi lamulo la Mbona ndipo kukuthawitsa mvula. Mipingo itachuluka, ambiri anasiya kupereka nsembe, koma nkhalango sanaiguse. Mu 2011 dziko la Malawi linaika Khulubvi ndi malo ena a Mbona pa mndandanda wa malo oyembekezera kuzindikiridwa ndi bungwe la UNESCO ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo lero kumafikanso ophunzira ndi oona za chilengedwe.

Ntchito zatsopanozi sizinachotse yakale ija. Pakadali popemphera, choncho mukapeza kuli mwambo, dikirani kunja kapena mubwerenso tsiku lina. Aphunzitsi agawe ana m'timagulu ta anthu osapitirira khumi, chifukwa gulu lalikulu silimva zimene mkulu akunena chapansipansi, ndipo a kumbuyo ndi amene amayamba kuthyola masamba. Potuluka tsanzikani kwa akuluakulu amene anakulandirani musanakwere kabaza. Ogona ku Nsanje atenge neti yawoyawo, udzudzu wa m'mbali mwa Shire ndi wambiri ngakhale nyengo yozizira.